Jekeseni wa M'tsaya: Kodi Mpumulo Wake Umatha Zaka Zingati?



M'nkhani yathu ya zaumoyo lero ndifuna tikambirane za nthenda ina ya kunkhope imene siipha munthu, koma imene yaliritsa amuna ndi akazi olimba mtima ngati ana. Ndifunanso tikambe za jekeseni amene madokotala a opaleshoni ya ubongo amabaya pofuna kuthetsa ululu wa nthendayi. Funso limene tiliyankhe ndi ili: munthu akabayidwa jekeseniyo, ululu n'kuleka, kodi mpumulo umenewo umakhala nthaŵi yaitali bwanji, nanga mtengo wake pa thupi la munthuyo ndi wotani? Pakuti ubwino wa mankhwala a nthenda yokhalitsa sitiuŵeruza pa tsiku limene wodwala atuluka m'chipatala akumwetulira. Timauŵeruza patapita chaka, patapita zaka zitatu, ngakhale zisanu.

Tiyambe ndi nthenda yeniyeniyo. Taganizani za mayi wa zaka 60, wathanzi lake, wolima munda wake yekha. Tsiku lina m'maŵa akusukusula, dzanja litangokhudza pambali pa mphuno, amva ululu wobaya tsaya lamanja ngati mphezi. Ululuwo ukhala kanthaŵi kochepa, mwina kosakwana ndi mphindi imodzi yomwe, kenaka uti zii. Iye ayesa kuti zatha. Koma poika mbamu yoyamba ya nsima m'kamwa, ululu uja ubweranso. Potsuka mano ubweranso. Polankhula, poseka, ngakhale kamphepo kozizira ka mwezi wa June kakamuwomba kumaso, ndi zomwezo. Posakhalitsa mayiyu aleka kusamba mbali imodzi ya nkhope, ayamba kuopa chakudya, ayamba kuwonda, ndipo polankhula satsegula pakamwa kwenikweni. Anansi ayamba kunong'onezana kuti wayamba kunyada, ena ati walodzedwa. Iye mwini aganiza kuti ndi dzino, napita kukazulitsa. Ululu suleka. Azulitsa lachiŵiri, kenaka lachitatu, mpaka chibwano chitsala usinini wokhawokha, koma mphezi ija ili pomwepo.

Nthenda imeneyi madokotala amaitcha trigeminal neuralgia. Imagwira kaŵirikaŵiri anthu opitirira zaka 50, akazi koposa amuna, ndipo nthaŵi zambiri imagwira mbali imodzi yokha ya nkhope, makamaka yamanja. Si nthenda yachilendo ai. M'chaka cha 1677 John Locke, Mngelezi amene dziko limamkumbukira chifukwa cha mabuku ake a nzeru zakuya koma amene adalinso dokotala, ali ku Paris adaitanidwa kukaona mkazi wa kazembe wa dziko la England amene ankavutika ndi ululu wa mtundu womwewu. Mayiyo adali atazulitsa kale mano aŵiri popanda phindu. Mukuona, omvera, kuti kulakwitsa kumene tikuchita leroku kudayamba kalekale. Mu 1756 dokotala wa ku France, Nicolas André, adaitcha nthendayi tic douloureux, chifukwa wodwala amakwinya nkhope mwadzidzidzi ululu ukamgwira. Ndipo mu 1773 John Fothergill wa ku London adaifotokoza momveka bwino, kotero kuti dokotala wa lero akaŵerenga zimene iye adalemba amangoona odwala ake omwe.

Tsono gwero la ululuwu lili pati? Pa Chicheŵa liwu lakuti mtsempha timaligwiritsa ntchito pa zinthu ziŵiri: pali mtsempha wa magazi, ndiye palinso mtsempha wonyamula uthenga pakati pa thupi ndi ubongo. M'nkhani ino ndikamati mtsempha wa nkhope ndikunena wa uthengawo. Mbali iliyonse ya mutu ili ndi mitsempha yotere 12 yochokera ku ubongo, ndipo wachisanu mwa imeneyi ndiwo umamva zonse zokhudza nkhope. Uli ndi nthambi zitatu. Yoyamba imapita ku mphumi ndi ku diso. Yachiŵiri ku tsaya, ku mlomo wam'mwamba ndi ku mano am'mwamba. Yachitatu ku chibwano, ku mano am'munsi ndi ku lilime. Nthambi zitatuzi zimakumana pa mfundo imodzi m'tsinde mwa chigaza, ndipo mfundoyo ili m'kathumba kakang'ono mmene muli madzi omwe aja amene amazungulira ubongo. Kathumba kameneka mukasunge m'maganizo, chifukwa tibwererako.

Mwa odwala ambiri choyambitsa vuto ndi mtsempha wa magazi umene wagona pa mtsempha wa nkhope, pamalo pamene uwu ukuloŵa mu ubongo. Mtima ukamagunda, mtsempha wa magaziwo umagogoda mnzakewo usana ndi usiku kwa zaka zambiri, mpaka chikuto cha mtsempha wa nkhope chimaperepeseka. Amene adaonapo waya wa magetsi wosupuka akuthetheka moto akamakhudzana ndi unzake amvetsa msanga. Uthenga wakuti dzanja lakhudza tsaya umalumphira m'njira ya ululu, ubongo n'kuulandira ngati kubayidwa ndi mpeni. Mwa odwala oŵerengeka choyambitsa ndi chotupa cha m'mutu, kapena nthenda ya mitsempha yotchedwa multiple sclerosis. Nchifukwa chake dokotala amafuna kujambula mutu ndi makina a MRI, makamaka ngati wodwala ndi wachinyamata, kapena ululu uli mbali zonse ziŵiri, kapena nkhope yayamba kale kuchita dzanzi.

Chithandizo choyamba ndi mapiritsi. Panado ndi asipirini sizithandiza pa nthenda imeneyi. Amene amathandiza ndi mankhwala a khunyu, makamaka carbamazepine, amene dokotala wa ku Sweden, Sigfrid Blom, adaonetsa mu 1962 kuti amaziziritsa ululuwu. Odwala ambiri amapeza nawo bwino, ena kwa moyo wao wonse. Koma kwa ena mphamvu ya mapiritsi imanka ichepa pamene zaka zikupita, kapena mlingo umene ungaletse ululu umaŵachititsa chizungulire, tulo ndi kudzandira ngati aledzera. Anthu otereŵa ndiwo amene dokotala amayamba kukamba nawo za opaleshoni.

Pamenepa njira zikuluzikulu zilipo ziŵiri. Yoyamba ndi yochotsa choyambitsa chenichenicho. Walter Dandy wa ku Baltimore adalemba mu 1934 kuti ankapeza mitsempha ya magazi itapana mtsempha wa nkhope mwa odwala ake, ndipo kuyambira mu 1967 Peter Jannetta, wa ku America komweko, adakhazikitsa opaleshoni yoboola chigaza kuseri kwa khutu, kusuntha mtsempha wa magaziwo, ndi kuika kansalu kofeŵa pakati kuti iŵiriyo isakhudzanenso. Njira yachiŵiri ndi yoloŵetsa singano kudzera m'tsaya, kukavulaza dala mtsempha wa nkhope pang'ono, kuti uthenga wa ululu uzilephera kudutsa. Nkhani yathu yagona pa njira yachiŵiriyi.

Madokotala adayamba kubaya mtsempha wa nkhope kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ankagwiritsa ntchito alcohol wosasungunula, waukali kuposa kachasu aliyense. Mu 1912 Fritz Härtel wa ku Germany adafotokoza njira yoyendetsera singano kuchokera pambali pa kamwa, kudutsa m'tsaya, mpaka kukaloŵa pa kabowo kachibadwa ka m'tsinde mwa chigaza kotchedwa foramen ovale. Njira yomweyo ndiyo ikutsatidwabe mpaka lero. Ku London, Wilfred Harris adabaya odwala kwa zaka pafupifupi 30, ndipo mu 1940 adasindikiza zimene adapeza pa odwala 1,433. Alcohol ankathetsa ululu ndithu, nthaŵi zina kwa zaka zambiri, koma ankathetsa pamodzi ndi kumva konse. Nkhope inkasanduka ngati chikuni. Diso losamva linkaloŵa zitsotso mwini wake osadziŵa, mpaka kuchita zilonda. Ndipo alcohol akatayikira kunja kwa malo ake ankapha ndi mitsempha ina yosalakwa. Chotero madokotala adali kufunafuna mankhwala ofatsa.

Mankhwala ofatsawo adapezeka mwangozi, ndipo nkhani yake njokoma. M'zaka za m'ma 1970, pa chipatala cha Karolinska mu mzinda wa Stockholm ku Sweden, Lars Leksell ndi anzake ankayesa kuchiza nthendayi ndi makina oŵaula mtsempha ndi cheza, otchedwa Gamma Knife. Kuti chezacho chilunjike malo oyenera, padafunika kuika chizindikiro chooneka pa X-ray m'kathumba kaja ka m'tsinde mwa chigaza. Dokotala wina wa pagululo, Sten Håkanson, ankabaya ufa wa chitsulo chotchedwa tantalum m'kathumbako, ndipo kuti ufawo uyende m'singano ankausakaniza ndi glycerol, amene ndi gilisalini yemweyu amayi amadzola nthaŵi yachisanu, kungoti wa kuchipatala ndi woyengedwa bwino, wopanda madzi ndi wopanda tizilombo. Chodabwitsa chidali chakuti odwala ankapezeka kuti ululu waŵaleka asanaloŵe n'komwe m'makina aja. Håkanson adazindikira kuti wochiza adali gilisaliniyo. Mu 1981 adasindikiza lipoti la odwala 75. Oposa anai mwa asanu alionse adali opanda ululu ataŵatsata kwa pafupifupi chaka ndi theka, ndipo dzanzi la kunkhope lidali lochepa kwambiri poyerekeza ndi la alcohol.

Kachitidwe kake ndi aka. Wodwala amagona chagada, atapatsidwa mankhwala oziziritsa tsaya ndi ogonetsa pang'ono, kapena atagonetsedwa tulo kwa kanthaŵi. Dokotala amaloŵetsa singano yaitali pafupifupi masentimita atatu kuchokera pa ngodya ya kamwa, nailondolera ku kabowo kaja akuyang'ana pa X-ray. Nsonga ikafika m'kathumba, kaŵirikaŵiri timadontho ta madzi a ku ubongo timatuluka kumchira kwa singano. Pamenepo wodwala amamkhazika tsonga. Madokotala ambiri amayamba athiramo mankhwala ooneka pa X-ray kuti aone kukula kwa kathumbako ndi kutsimikiza kuti ali pamalo oyenera. Kenaka amathiramo gilisalini wochepa zedi, mamililita 0.2 mpaka 0.4, amene sakwana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a supuni ya tiyi. Popeza gilisalini ngwolemera kuposa madzi a ku ubongo, wodwala amakhala chikhalire ataŵeramitsa mutu kwa ola limodzi kapena aŵiri, kuti mankhwalawo asatayikire m'kati mwa chigaza. Ambiri amabwerera kwao tsiku lomwelo kapena m'maŵa mwake. Ena ululu umaleka pomwepo, ena patapita masiku angapo.

Mbiri ya jekeseniyu idafala msanga m'maiko ambiri, ndipo n'zosadabwitsa. Palibe kuboola chigaza, palibe kugona m'chipatala masiku ambiri, ndipo gilisalini ngwotsika mtengo. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madokotala atayamba kutsata odwala ao kwa zaka zambiri, chithunzi chidasintha. Mu 1988 Kim Burchiel wa ku America adalemba za odwala 60. Mwa amene adali ndi nthenda yeniyeniyi, anai mwa asanu alionse adapeza mpumulo poyamba, koma pomakwana miyezi 18 theka la iwo ululu udali utaŵabwerera kapena usadaŵaleke n'komwe. Mu 1990 Takamitsu Fujimaki ndi anzake ku Tokyo adapeza kuti pakutha pa zaka zinai ndi theka, pafupifupi atatu mwa anai alionse ululu udali utabwerera. Mu 2005 Bruce Pollock wa ku Mayo Clinic ku America adapeza kuti odwala pafupifupi 60 mwa 100 alionse adali opanda ululu ndiponso osamwa mapiritsi patatha chaka chimodzi, koma patatha zaka zitatu adatsala theka.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji ziŵerengerozi zikusiyana chotere, kodi madokotalaŵa sankabaya mankhwala amodzimodzi? Zifukwa zilipo, ndipo nzofunika kuti wodwala azidziŵe, chifukwa nazo angathe kuyesa mau a aliyense womulonjeza machiritso. Choyamba, madokotala sagwirizana pa tanthauzo la kuchira. Wina amaŵerenga ngati wochira munthu amene ululu wachepa koma akumwabe mapiritsi. Mnzake amaŵerenga okhawo amene alibe ululu ndipo adasiya mapiritsi. Chachiŵiri, wina amaŵerenga jekeseni woyamba yekha, mnzake amaphatikizapo wachiŵiri ndi wachitatu. Chachitatu, luso lofikitsa singano pamalo pake ndi kuchuluka kwa mankhwala zimasiyana. Chachinai, nthendayi ili ndi khalidwe lopumula yokha kwa miyezi, nthaŵi zina zaka, kotero kuti wotsata odwala kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha angathe kuyamikira jekeseni pa ntchito imene sadagwire. Chimene malipoti onse amagwirizanapo ndi ichi: pamene zaka zikuchuluka, chiŵerengero cha opanda ululu chimanka chitsika.

Mu 2008 mabungwe aŵiri akuluakulu a madokotala a mitsempha, American Academy of Neurology ndi European Federation of Neurological Societies, adasonkhanitsa umboni wonse umene udalipo. Adaphatikiza njira zitatu zodzera m'singano ya m'tsaya: gilisalini, kutentha mtsempha ndi magetsi, kumene William Sweet wa ku Boston adakukonza bwino nakufalitsa mu 1974, ndi kufinya mfundo ija ndi kachibaluni, njira imene Sean Mullan ndi Terry Lichtor a ku Chicago adaifotokoza mu 1983. Adapeza kuti odwala 90 mwa 100 alionse amapeza mpumulo poyamba. Patatha chaka amatsala pakati pa 68 ndi 85. Patatha zaka zitatu amatsala pakati pa 54 ndi 64. Patatha zaka zisanu, mwa otenthedwa ndi magetsi, amatsala pafupifupi theka. Pa njira zitatuzi, gilisalini ndiye amadziŵika kuti mpumulo wake suchedwa kutha, pamene kutentha ndi magetsi kumakhalitsa koma kumasiya dzanzi lalikulu.

Mau omalizaŵa atifikitsa pa mtengo wa jekeseni. Poyamba ena ankayembekeza kuti gilisalini amasankha, kuti amapha njira ya ululu yokha ndi kusiya kumva kwina konse kuli bwino. Zaka zaonetsa kuti si choncho. Gilisalini amagwira ntchito povulaza mtsempha, monga mmene ankachitira alcohol, kungoti iye amavulaza mofatsa. Ndipo madokotala aona mobwerezabwereza kuti wodwala amene watsala ndi dzanzi pang'ono ndiye amakhalitsa wopanda ululu, pamene amene nkhope yake ikumva zonse monga kale ndiye ululu suchedwa kumbwerera. Walira mvula walira matope. Malinga ndi lipoti la mu 2008 lija, pafupifupi theka la obayidwa m'tsaya amatsala ndi dzanzi. Kwa ambiri dzanzilo ndi laling'ono, longa limene munthu amamva dokotala wa mano akambaya, ndipo limanka lichepa pakupita kwa miyezi. Odwala ambiri amene adalaŵapo mphezi ija amalilandira ndi manja aŵiri.

Koma pali zovuta zina zimene sitiyenera kubisa. Odwala osakwana 6 mwa 100 alionse amatsala ndi kuyabwa, kunyerenyetsa kapena kutentha kosautsa kunkhope. Pafupifupi 4 mwa 100 diso lao limachita dzanzi, ndipo diso lotero lili pangozi ya zilonda. Pafupifupi 4 mwa 100 amagwa m'vuto loŵaŵitsa mtima koposa onse, lotchedwa anaesthesia dolorosa: tsaya silimva ngakhale mutalibaya ndi singano, komabe mwini wake amamva likuyaka moto usana ndi usiku, ndipo ululu umenewu ngwovuta kuchiza kuposa woyamba uja. Vutoli limachuluka pamene mtsempha wavulazidwa kwambiri, ndipo gilisalini wobayidwa mosamala salibweretsa kaŵirikaŵiri monga alcohol wakale uja, koma silidatheretu. Palinso tizilonda ta pamilomo timene timatuluka patapita masiku oŵerengeka ndi kupola tokha, ndiponso, mwa apo ndi apo, nthenda youmitsa khosi imene imafuna chithandizo chamsanga.

Tsono tiyeni tiike jekeseni pambali pa opaleshoni ya Jannetta ija. Mu 1996 gulu lake la ku Pittsburgh lidasindikiza zotsatira za odwala 1,185. Patatha zaka 10, odwala 70 mwa 100 alionse adali opanda ululu ndiponso osamwa mapiritsi, ndipo ambiri a iwo nkhope zao zinkamva bwinobwino. Palibe jekeseni amene adafikapo pamenepo. Komatu opaleshoniyo ndi yaikulu, yofuna kugonetsa munthu tulo kwa maola angapo ndi kugwira ntchito pafupi ndi tsinde la ubongo. Mwa odwala 1,185 aja, aŵiri adamwalira, ndipo mmodzi mwa 100 alionse adagontha khutu la mbali imeneyo. Chotero wodwala ali ndi zinthu ziŵiri zoti aike pa sikelo. Mbali ina kuli ngozi yaikulu koma yosachitika kaŵirikaŵiri, imene amakumana nayo kamodzi, pofuna mpumulo wa zaka zambiri. Mbali inayo kuli ngozi yochepa pa moyo, dzanzi la kunkhope, ndi mpumulo umene mwina adzafunika kukautenganso.

Nanga jekeseni ngwoyenera yani? Ngwoyenera nkhalamba imene mtima wake kapena mapapo ake sangapirire opaleshoni yaikulu. Ngwoyenera munthu amene ululu wamfikitsa poti sakudya, sakumwa, ndipo akufunika mpumulo sabata yomweyo. Ngwoyenera amene pa chithunzi cha MRI sipakuoneka mtsempha wa magazi wopana, amene ali ndi multiple sclerosis, amene adachitidwa kale opaleshoni yaikulu ululu n'kubwerera, ndiponso amene, atamva zonse, wasankha yekha kuti mutu wake usaboolewe. Kwa gogo wa zaka 80, zaka zitatu zodya nsima mwamtendere ndi kucheza ndi adzukulu ndi mphatso yaikulu. Kwa bambo wa zaka 45 amene ali ndi thanzi, masamu ake ngosiyana, chifukwa akadalira jekeseni angathe kudzabayidwa kangapo m'moyo wake.

Inde, jekeseniyu amabwerezeka, ndipo umenewu ndi umodzi mwa maubwino ake. Ululu ukabwerera, nthaŵi zambiri mapiritsi aja amene adali atalephera amayambanso kugwira ntchito pa mlingo wochepa. Akalepheranso, dokotala angathe kubayanso, ndipo ambiri amapezanso mpumulo. Kungoti kubaya kulikonse kumawonjezera dzanzi pa dzanzi lakale, ndipo kathumba kaja kangathe kuchita zipsera zimene zimalepheretsa mankhwala kufika pamalo pake. Pamenepo dokotala amalangiza njira ina mwa zija tatchulazi. Chofunika nchakuti wodwala asadzione ngati wonyengedwa kapena wotembereredwa ululu ukabwerera. Kubwerera kwake nkodziŵika, ndipo njira zikadalipo.

Palinso anthu amene jekeseniyu sayenera kuŵayandikira. Ululu wa kunkhope uli mitundumitundu. Pali ululu wotsala munthu atadwala mashingozi a kunkhope, amene ambiri a ife tidaŵaonapo pakati pa abale athu. Pali ululu wotsala mtsempha utavulala pangozi kapena pozula dzino. Ululu wotere sugwira ngati mphezi ndi kuleka. Umayaka kosalekeza, ndipo khungu kaŵirikaŵiri limakhala litachita kale dzanzi. Mtsempha umene wavulala kale, kuuvulazanso kungathe kukulitsa vuto. Ngakhale mwa odwala nthenda yeniyeniyi, amene ali ndi ululu wina wosalekeza pakati pa mphezi ndi mphezi sapindula monga anzao. Nchifukwa chake chinthu choyamba ndi kupeza dzina loona la nthenda, ndipo dzinalo limapezeka makamaka m'mau a wodwala mwini. Mukafika kwa dokotala fotokozani bwino: ululu uli pati, umagwira motani, umakhala nthaŵi yaitali bwanji, ndipo chimaudzutsa nchiyani.

Ndisanatsirize, ndili ndi malangizo oŵerengeka kwa inu omvera kuno kwathu. Ngati dokotala wa mano wayang'ana dzino lanu nati lilibe vuto, musamkakamize kuti alizule, ndipo musapite kukalizulitsa kwina. Pemphani kuti akutumizeni kwa dokotala amene angaganizire za mtsempha. Ngati mwapatsidwa carbamazepine, imwani tsiku ndi tsiku monga mwauzidwira, osati pa nthaŵi ya ululu pokha, ndipo musasiye mwadzidzidzi. Mukaona zidzolo pakhungu, zilonda m'kamwa kapena m'maso, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Muuzeni dokotala ngati mukumwa ma ARV kapena mukugwiritsa ntchito mapiritsi olera kapena njira yolera yoika pamkono, chifukwa carbamazepine amachepetsa mphamvu ya ena mwa mankhwala ameneŵa, ndipo dokotala ayenera kukonza mlingo kapena kusankha njira ina. Ndipo poti ndatchula gilisalini, ndinene poyera: wa m'botolo la m'sitolo uja ngwodzola basi. Kumwa kapena kupaka patsaya sikuchiza nthendayi, ndipo musalole munthu aliyense kukubayani kunkhope kunja kwa chipatala. Singano imene tikukambayi imadutsa pafupi ndi mtsempha waukulu wopita ndi magazi ku ubongo, ndipo imayendetsedwa ndi katswiri akuyang'ana pa X-ray.

Kwa amene adabayidwa kale, kaya kuno kaya kunja, samalani mbali yadzanziyo. Yang'anani diso pa kalilole tsiku lililonse, ndipo likafiira pitani kuchipatala ngakhale silikuŵaŵa, pakuti diso losamva silichenjeza mwini wake. Phala ndi tiyi muziyamba mwaziyesa kutentha ndi mbali yomva. Tafunani mosamala kuti musadzilume tsaya osadziŵa, ndipo mano a mbali imeneyo azionedwa ndi dokotala nthaŵi ndi nthaŵi.

Kwa amene dokotala wakuuzani za jekeseniyu ndipo mukulingalira, kumbukirani kuti safunsa adadya phula. Kufunsa kuti kodi ululu udzaleka sikokwanira, popeza tamva kuti kwa anthu 9 mwa 10 umaleka ndithu. Funsani kuti mwa odwala amene dokotalayo adaŵabaya zaka zitatu zapitazo, ndi angati akadali bwino lero. Funsani kuti nkhope yanu idzamva motani pambuyo pake, ndi kuti diso lili pangozi yotani. Funsani ngati thupi lanu lingapirire opaleshoni yaikulu ija, ndipo ngati ai, chifukwa chake nchiyani. Funsaninso kuti ululu ukadzabwerera mudzapita kwa yani. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Ndipo popita kukamva mayankho tengani mbale wanu, chifukwa munthu amene ali mu ululu sasunga zonse zimene wauzidwa.

Mayi uja tidayamba naye, akadakumana msanga ndi wodziŵa nthendayi, bwenzi mano ake ali m'kamwa. Mwina pamudzi panu alipo wina amene waleka kuseka, amene amadya ataphimba tsaya ndi chitenje, amene anthu akumunena kuti walodzedwa. Mukamuuze zimene mwamva madzulo ano, ndipo mumperekeze kuchipatala.